Pemphero Limene Ndinaponya pa Gulupu

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo pakamwa panga sipachedwa kutseguka. Zimenezi sindikana. Amayi anga ankandinena kuyambira ndili pasukulu, mwamuna wanga anandinena mpaka tsiku limene tinasiyana, ndipo manijala wa nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuno ku Barking, mu London, wandiitanirapo mu ofesi kawiri pa nkhani yomweyo. Koma chimene ndinamuchita mng'ono wanga sindinachichite pokalipa ayi. Ndinachichita ndikupemphera, ndipo n'chimene chimandiwawa koposa.

Linali Lachiwiri m'mawa, nthawi ya tiyi. Ndinali nditasambitsa agogo atatu achizungu, msana uli kuwawa, ndiye ndinakhala pansi m'kachipinda kathu ka antchito n'kutsegula foni kuti ndione za kumudzi. Chithunzi choyamba kutuluka chinali cha bambo wina wovala suti yakuda, imvi zili mbuu m'mbali mwa mutu, akumwetulira. Pansi pake analemba kuti dzina lake laperekedwa kwa aphungu kuti alivomereze, akhale woweruza m'khoti lalikulu. Tiyi uja anazizirira pomwepo.

Bambo ameneyu ndinali ndisanaonanepo naye maso ndi maso, koma ndinkamudziwa. Mng'ono wanga, yekhayo amene ndili naye, anagwirapo ntchito ya ukalaliki mu ofesi yake ya uloya ku Blantyre atangomaliza folomu folo. Anagwirako miyezi yowerengeka basi n'kusiya mwadzidzidzi. Ine nthawi imeneyo ndinali nditangofika kuno, ndipo ndinamukalipira pa foni kuti ndi waulesi, ntchito yabwino ngati imeneyo munthu sangaitaye ngati chisanza.

Chifukwa chake ndinadzachimva patapita zaka zambiri, nditapita kumudzi ku maliro a amayi athu. Anthu atabalalika, ife awiri tinatsala m'chipinda cha malemu masana tikupinda zitenje zawo. Ali chipindire, osandiyang'ana, anandiuza kuti Loweruka lina bwana wakeyo anamuitana kuti akatayipe makalata achangu. Mu ofesi munalibe munthu wina aliyense. Bwanayo anakiya chitseko n'kuika kiyi m'thumba. Zotsalazo sindilemba pano, ndinazilankhula kale mopitirira muyeso. Nditayamba kukuwa kuti ndikamupeza galu ameneyo, mng'ono wanga anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Achemwali, izi zithere m'chipinda muno. Bambo a ana anga sakudziwa, ndipo asadzadziwe. Lumbirani."

Ndinalumbira, chitenje cha amayi chili m'manja.

Ndiye Lachiwiri limenelo ndinatulukira khomo la kukhitchini, pamene anzathu amasutira fodya, n'kumuimbira mng'ono wanga. Iye tsopano ndi mphunzitsi pa sukulu ya pulayimale ya boma.

"Waona?" ndinamufunsa.

"Ndaona, achemwali."

"Ndiye tingokhala chete? Munthu ameneyu azikaweruza anthu? Milandu ya atsikana ogwiriridwa izikafika m'manja mwa ameneyu?"

"Zisiyeni. Ndili ndi banja, ndili ndi ana awiri, ntchito yanga ndi ya boma. Chonde zisiyeni."

"Iwe umandikwana ndi mantha akowo!"

"Belu lalira," anatero, n'kudula foni.

Sabata yonseyo ndinayenda ndi moto m'chifuwa. Ndikakwera basi, nkhope ya bambo uja. Ndikamadyetsa gogo phala, nkhope yomweyo. Pa foni a chipani cholamula ankamutamanda kuti ndi munthu woopa Mulungu, mkulu wa mpingo, tate wa ana amasiye. A chipani chotsutsa ankangoti ndi mnzawo wa akuluakulu a boma, palibe china chimene anali nacho pa iye. Ine ndinali nacho, koma ndinali nditalumbira.

Tchalitchi chathu ndi cha Amalawi, timapemphera mu holo ya lendi, ndipo tili ndi gulu la amayi. Timayenera kukumana Loweruka lililonse masana, koma pafupifupi tonse ndife anamwino kapena osamalira okalamba, mashifiti sagwirizana. Choncho tinapangana kuti amene ali kuntchito azijambula mawu ake pa foni n'kuponya pa gulupu yathu, kunena chimene akufuna kuti anzake amupempherere. Amayi busa ankalimbikira chinthu chimodzi, chakuti tisamazungulire. Ankati kwa dokotala munthu sanena kuti penapake pakupweteka, amaloza. Ndipo pa gulupu imeneyo tamvapo zambiri, abale: za mapepala okhalira m'dziko muno, za amuna othawa, za ana osuta chamba, za zotupa za m'mawere. Pa zaka zonsezo sindinamvepo kuti china chatuluka panja.

Loweruka limenelo ndinali pa shifiti. Nthawi ya chakudya cha masana ndinalowa m'chipinda chochapira, makina ali kulira, n'kudina batani lojambulira. Ndinkafuna kungonena kuti mtima wanga ndi wolemedwa, koma pakamwa pangapa! Ndinatchula dzina la bambo uja. Ndinanena za Loweruka lija, za chitseko, za kiyi, zonse. Ndinalira. Dzina la mng'ono wanga lokha ndi limene sindinatchule, ndinangoti "mng'ono wanga", ndipo ndinkadziona wochenjera potero. Ndinadziuzanso kuti lumbiro sindinaswe, chifukwa kuuza Mulungu si kuuza munthu. Nditatumiza, ma ameni anayamba kugwa mmodzimmodzi, ena akulira nane, ena akutumiza mavesi. Mtima unapepuka, ndinabwerera kukagwira ntchito ndikuimba.

Chimene mutu wanga wopusawu sunaganize n'chimene Mmalawi aliyense wa kuno amachidziwa. Munthu akamapita kumudzi sapita ndi sutikesi yake yokha. Amanyamula katundu wa anzake, wina nsapato, wina mafuta odzola, wina mankhwala, ndipo timamupatsa nambala ya foni ya wolandira ndi kumene akamupeze. Ine ndakhala ndikutumiza katundu kwa mng'ono wanga zaka zonsezi. Theka la amayi a pa gulupu anali atakumanapo naye pa depoti ya basi kapena pa geti la sukulu yake. Mmodzi mwa iwo anali mayi wina wa ku Wembley, wogulitsa m'sitolo ya zovala, amenenso amatsogolera amayi a chipani chotsutsa kuno. Ameneyu anafika mpaka kunyumba kwa mng'ono wanga kukasiya nsapato za ana, anadya komweko, n'kujambulitsa naye chithunzi pakhonde.

Lamulungu madzulo mayi ameneyu anandiimbira, mawu ali ofewa ngati akupepesa maliro.

"Amayi, nkhani yanu ija yandikhudza kwabasi. Kodi simukuona kuti Mulungu wakupatsani inu chida chopulumutsira dziko?"

"Ayi, amayi," ndinamuyankha. "Lija ndi pemphero basi. Lisatuluke, mwini wake sakufuna."

"Aaa, ine ndingatero? Mukundiona bwanji?"

Lachitatu mnzanga wa kuntchito, mtsikana wa ku Zambia amene timagwira naye mbali imodzi, anandikodola tili m'chipinda cha okalamba chodyeramo.

"Sisi, bwelani mumveleko. Si imwe mukamba apa? Anitumila kazeni wanga wa ku Chipata."

Anandiika foni kukhutu. Ndinamva makina ochapira aja. Ndinamva mawu anga, kulira kwanga, kumina kwanga. Wina anali ataikamo kanyimbo kachisoni pansi pake, ndipo pamwamba panali chithunzi cha pakhonde chija, mayi wa ku Wembley atamudula, atatsala mng'ono wanga yekha atanyamula nsapato za ana, akuseka. Pansi pa chithunzicho panali dzina lake lonse ndi dzina la sukulu yake. Mayo ine! Ndinakhala pa mpando wa gogo wina amene anali atapita kuchimbudzi. Ngati zafika ku Chipata, ndiye kuti kwathu palibe amene sanamve.

Ndinamuimbira mng'ono wanga kakhumi kapena kuposa. Foni inkangoitana. Amene anandiyankha anali amalume athu, achimwene awo a amayi, ndipo sanandipatse ngakhale moni.

"Iwe, wachita chiyani? Mwana ali kuno kwa ine ndi kachikwama kamodzi. Mwamuna wake wamva nkhaniyi mu minibasi, kondakitala akuiseweretsa pa foni anthu onse akumvetsera. Wamuuza kuti achoke kaye, ana atsale. Kusukulu amuuza kuti asapiteko mpaka zizizire, atolankhani adzaza pa geti. Wakhuta eti?"

Ndinapempha kuti ndilankhule naye. Anati sakufuna.

Zimene zinatsatira sindikufuna kuzikumbukira, koma zili m'mutumu. A chipani chotsutsa anamutenga mng'ono wanga ngati mbendera yawo. Nkhope yake inali paliponse, akumutcha ngwazi, mayi wolimba mtima amene wayankhula, chonsecho iye sanatsegule pakamwa n'kamodzi komwe. A chipani cholamula anamutcha hule. Anati anali chibwenzi cha bambo uja ndipo anamukana ukwati. Ena anati sanagwirepo ntchito mu ofesi imeneyo. Ena anati n'chifukwa chiyani wakhala chete zaka zonsezi n'kudzukira lero. Ine ananditcha wopukuta matako a azungu amene watumidwa ndi andale. Za matakozo n'zoona, sindichita nazo manyazi, ndi ntchito yanga. Koma pa anthu onse amene ankakuwa, a mbali iyi ndi a mbali iyo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti mayiyu wagona kuti, ana ake akudya chiyani.

Lamulungu lotsatira kutchalitchi ndinapeza anthu atakhala mwa zipani, ngati ukwati wa mabanja odana. Mapemphero atatha, pa nthawi ya tiyi, ndinamulunjika mayi wa ku Wembley uja. Sindinamunong'oneze. Ndinamutukwana anthu onse akumva, mawu amene sindingawalembe pano, mpaka ana anasiya kuthamanga. Iye anangoima chilili ndi kapu yake m'manja.

"Amayi, mukupsa mtima lero, koma mudzatithokoza. Nkhani iyi ndi yaikulu kuposa banja limodzi."

"Banja lake ndi lanu? Ana amene ali okha kumudziwo ndi anu?"

Bambo wina, mkulu wa mpingo amene amalondera m'masitolo ku Croydon, wa chipani cholamula mpaka m'magazi, analowererapo. Ndinkayesa akudzandileretsa, koma anandiloza chala n'kunena kuti anthu ngati ine timathawa kwathu n'kumaipitsa dziko tili kutali, ndipo ngati ndili ndi umboni ndikwere ndege ndikaupereke. Amayi busa anandikokera pambali. Anati ndale zisalowe m'nyumba ya Mulungu, ndipo gulupu ya amayi aitseka kaye. Sanafunse kuti watulutsa pemphero ndani. Ndinatuluka osatsanzika, ndipo pa basi ndinalira ngati mwana, mzungu wina mpaka anandipatsa katishu.

Panapita masabata awiri osamva liwu la mng'ono wanga. Kenaka m'mawa wa tsiku limene komiti ya aphungu inkakumana kuti imufunse mafunso bambo uja, ndili pa siteshoni, uthenga unalowa.

"Ndili ku Lilongwe. Aphungu otsutsa andilonjeza kuti andilowetsa ndikalankhule. Amalume ndawauza kuti ndapita kuchipatala. Poti mwandivula kale, bola ndinene ndekha ndi pakamwa panga."

Ha! Mtima wanga unadumpha. Ndinaganiza kuti mwina zonsezi zinali ndi cholinga, mwina kupusa kwanga Mulungu akusandutsa chinthu chabwino. Tsiku limenelo zokambirana ankaziulutsa, ndiye ndinabisa foni m'thumba la yunifomu, kachingwe kamodzi kukhutu, ndikuyala mabedi. Bambo uja analowa atavala suti ina, yotuwa. Anamufunsa za maphunziro ake. Anamufunsa za kuchedwa kwa milandu m'makhoti. Ine ndikudikira. Phungu wa chipani chotsutsa amene sabata yathayo ankamenya tebulo potchula dzina la mng'ono wanga anaimirira, ndinasiya pilo n'kugwira chitsulo cha bedi. Anamufunsa maganizo ake pa za malipiro a oweruza, n'kukhala pansi.

Kumapeto wapampando anati pa nkhani zimene zakhala zikumveka m'mafoni, komiti sinalandire dandaulo lililonse lolembedwa, ndipo singagwire ntchito ndi mphekesera. Palibe amene anatsutsa. Anamuvomereza, mbali zonse ziwiri zikuomba m'manja. Zitangotero anaitana dzina lachiwiri, la loya wina amene aliyense amadziwa kuti ndi wa chipani chotsutsa, ndipo nayenso anadutsa popanda funso lolimba. Apo ndi pamene ndinamvetsa. Anali atagawana kale, wanu alowe, wathunso alowe. Mng'ono wanga anali chabe chowopsezera kuti mbali inayo ivomere msanga. Madzulo ake mayi wa ku Wembley anaika chithunzi cha loya wawoyo pa foni, ndi maluwa, n'kulemba kuti Mulungu ndi wabwino.

Mng'ono wanga anandiimbira yekha patapita masiku anayi, Loweruka masana, ndili kunyumba ndikusita yunifomu. Mawu ake anali odekha moti ndinachita mantha.

"Achemwali, ndinakhala pa benchi panja kuyambira m'mawa mpaka anthu akuweruka. Kalata yanga inali m'chikwama, masamba atatu. Phungu amene anandiitana uja foni yake inali yothima. Potuluka anandidutsa pomwepo, sanandizindikire n'komwe. Bwana uja ndiye anandizindikira. Anandiyang'ana, n'kundigwedezera mutu ngati akupereka moni."

"Pepa, mwana wa amayi anga. Pepa. Ndine chitsiru ine. Tipeze loya, tipite ku mabungwe a amayi, ndibwera ndekha ngati..."

"Tamverani kaye, achemwali. Kamodzi kokha pa moyo wanu, tamverani."

Ndinatseka pakamwa.

"Dzulo ankhoswe anakumana. Bambo a ana akuti akhoza kundilandira, koma abale awo akuti manyazi achoke kaye. Anandifunsa pamaso pa onse ngati zimene munanena n'zoona. Ndinawauza kuti n'zabodza. Ndinati achemwali anga anapeka, anatumidwa ndi andale a ku London."

"Iwe!"

"Wamng'ono uja akukodza pogona chichokereni ine. Wamkulu anamenyana ndi anzake kusukulu. Ndikufuna ana anga, achemwali. Ankhoswe akuti mawu anga okha sakukwanira. Akufuna amve inu, ndi mawu omwe aja, mukunena kuti munanama ndipo mukupepesa kwa bwana uja. Mujambule, munditumizire."

Simbi inali itakhala pa yunifomu, ndinamva fungo la nsalu yopsa koma sindinaichotse msanga. Ndinamuuza kuti akundipempha kuti ndimuyeretse munthu amene anamuwononga, kuti mtsikana wina aliyense amene anakiyiridwapo mu ofesi imeneyo akadzamva mawu anga sadzayankhulanso mpaka imfa. Ndinayamba kukweza mawu monga mwa chizolowezi changa.

"Ndikudziwa," anatero. "Zonsezo ndaziganiza ndili pa benchi. Choyamba chija simunandifunse. Ichi ndikukupemphani ndine."

Ndinazima simbi n'kukhala pa bedi. Ndinajambula kanayi. Koyamba ndinalira, ndipo munthu wolira sakhulupirika kuti akuvomera bodza. Kachiwiri mkwiyo unamveka. Kachitatu dzina la bambo uja linandikanira pakhosi. Kachinayi ndinalankhula ngati mmene ndimalankhulira ndi achibale a gogo amene wamwalira pa shifiti yanga, pang'onopang'ono, mwaulemu. Ndinatchula dzina langa. Ndinati zonse zimene ndinanena zokhudza olemekezeka oweruza zinali zopeka, mng'ono wanga sanandiuzepo chilichonse chotero, ndipo ndikupepesa kwa iwo, kwa akazi awo, ndi kwa alamu anga. Ndinatumiza.

Anayankha liwu limodzi: "Ndalandira."

Pofika Lolemba a chipani cholamula anali akuulutsa kupepesa kwangako paliponse, ndipo a chipani chotsutsa anatulutsa chikalata chonena kuti iwonso ananamizidwa ndi mayi wina wosokonezeka mutu wa ku London. Kutchalitchi ndinasiya kupita. Amalume anandiuza kuti mwana wabwerera kunyumba kwake, ana akondwa, ndipo kusukulu wayambiranso.

Papita chaka ndi miyezi tsopano. Bambo uja akuweruza milandu. Mng'ono wanga sayankha foni zanga, ndipo sindimuimba mlandu. Mwezi wathawu mwana wake wamkulu, mtsikana amene ndakhala ndikumutumizira nsapato, ananditumizira uthenga pa foni ya mnzake. Anandifunsa kuti amayi aakulu, n'chifukwa chiyani munawanamizira amayi anga zinthu zoipa chonchija, anakulakwirani chiyani?

Ndinamuyankha kuti sanandilakwire kanthu, ndinali ndi nsanje basi.